Kukonza buku la olemba ambiri la mapulogalamu a finite element: malangizo ochokera kuchigwa cha Shire

Kuchigwa kuno injiniya sasowa chochita. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anasiya milatho yoduka, misewu yokokoloka ndi madayiki ogumuka kuyambira ku Chikwawa mpaka kumunsi kwa Nsanje. Ana yekha anagumula mbali ya damu la Kapichira, dziko n'kukhala lopanda mamegawati pafupifupi 130 a magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Pa Kapichira pomwepo ndi pomwe ikuyambira ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe cholinga chake n'kudzathirira mahekitala oposa 40,000.

Zomanga za mtundu uwu masiku ano zimayamba zayesedwa pa kompyuta simenti isanagulidwe, ndipo njira yofala kwambiri yoyesera ndi ya finite element. Chinthu chomwe mukuchikayikira, kaya ndi mtanda wa mlatho kaya dothi la dayiki, mumachigawa m'tizidutswa tambirimbiri tolumikizana pa mfundo, ngati maso a ukonde wa msodzi wa ku Elephant Marsh. Tizidutswa tonseti pamodzi ndiye mesh. Kompyuta imawerengera zochitika pa kadutswa kalikonse, n'kuphatikiza zonse kuti ikuuzeni pomwe chitsulo chipindike kapena pomwe madzi adutse. Njirayi inakhwimira m'mafakitale opanga ndege cha m'ma 1950, ndipo Ray Clough ndiye anaipatsa dzinali mu 1960.

Mabuku ophunzitsa njirayi alipo ambiri, koma sanalembedwe ndi anthu oganizira dothi lathu, kutentha kwathu ndi malaputopu athu. Lathu tilemba tokha, ndipo palibe munthu mmodzi wodziwa zonse. Wodziwa masamu ake ali ku Zomba, wodziwa dothi ali ku Blantyre kapena ku Bunda, yemwe anaona dayiki ikugumuka ndi maso ake ali ku Nchalo kapena ku Bangula. Vuto lake n'lakuti mukangouza aliyense kuti alembe chomwe amadziwa, mudzatola mulu wa mapepala khumi osadziwana, ongomatidwa pachikuto chimodzi. Ntchito yoletsa zimenezi imachitika aliyense asanalembe chiganizo choyamba.

Yambani ndi wowerenga mmodzi ndi laputopu yake

Lembani ndime imodzi yofotokoza munthu yemwe adzatsegule bukulo. Ine ndingasankhe wophunzira wa chaka chomaliza wa uinjiniya wa zomangamanga ku MUBAS kapena wa za mthirira ku LUANAR, yemwe chaka chamawa adzapezeka ali ku khonsolo ya boma kapena kwa kontirakitala wokumba ngalande. Calculus anaphunzira, za kulimba kwa zipangizo anaphunzira, koma Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, sanailembepo kwenikweni. Mukamusankha ameneyu, a pulofesa ofuna masamba 40 a umboni wa masamu mwawayankha kale, ndipo wa pa saiti wofuna buku longoti dinani apa, dinani apo, nayenso mwamuyankha.

Fotokozaninso kompyuta yake, n'kuika lamulo: chitsanzo chilichonse cha m'buku chizitha m'mphindi zosaposa 10 pa laputopu wamba ya RAM ya 8 GB, ili pa batire. Masana a mu Okotobala ku Ngabu, magetsi atathima, kutentha kutadutsa madigiri 40, laputopu yomwe ikulimbana ndi mesh ya mfundo miliyoni imapsa n'kudzizimitsa yokha. Komanso chitsanzo chaching'ono ndicho chimaphunzitsa, chifukwa wophunzira amachibwereza kangapo akusintha manambala mpaka n'kuyamba kuona yekha chomwe chikusintha yankho.

Sankhani mapulogalamu, asapose awiri

ANSYS, Abaqus ndi PLAXIS ndi amphamvu, koma layisensi zake zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo mukudziwa momwe zimenezi zikuvutira. Makope aulere omwe ena mwa makampaniwa amapatsa ophunzira amakhala ndi malire pa kukula kwa mesh. La Abaqus limathera pa mfundo 1,000. Za pulogalamu yobedwa, ija imazungulira pa mafulashi m'mahositelo, musazilole kulowa m'buku lomwe lidzakhale ndi mayina anu pachikuto.

Aulere enieni alipo. CalculiX, yolembedwa ku Germany ndi Guido Dhondt ndi Klaus Wittig, ndi ya zitsulo ndi zomanga. Imagwira ntchito bwino mkati mwa FreeCAD, ndipo mafayilo ake amafanana kwambiri ndi a Abaqus, kotero wophunzira akadzapeza ntchito komwe amagwiritsa Abaqus sadzayambira pansi. Code_Aster, ya kampani ya magetsi ya ku France yotchedwa EDF, inatulutsidwa kwa aliyense mu 2001. Ndi yakuya, koma zolemba zake zambiri zili m'Chifalansa. FEniCS, yomwe inayamba mu 2003, imakulolani kulemba equation yanu mu Python pafupifupi momwe mumailembera pabolodi. Gmsh imapanga mesh, ParaView imajambula zotsatira, ndipo ziwirizi n'zothandizira chabe, siziwerengedwa pa mapulogalamu awiri omwe musankhe.

Kwa ine, FEniCS ikhale ya mitu ya madzi ndi kutentha, komwe mukufuna wophunzira aone masamu akusanduka pulogalamu, ndipo CalculiX ikhale ya chitsulo ndi konkire. Wolemba akabwera ndi yachitatu chifukwa ndi yomwe anazolowera ali kusukulu kunja, mukaneni mwaulemu. Pulogalamu iliyonse yowonjezera ndi mutu wina wonse wophunzitsa kuiika pa kompyuta.

Pezani chomanga chimodzi choti mitu yonse izibwererako

Apa ndi pomwe buku limagwirana kapena kumwazika. Sankhani chinthu chimodzi cha kuchigwa kuno, mitu yonse iziyesa chomwecho kuchokera mbali zosiyanasiyana. Dayiki yoteteza mudzi ku mtsinje ngati Mwanza kapena Ruo ndi yoyenera, chifukwa muli dothi, madzi, konkire ndi chitsulo pamalo amodzi.

Tiyerekeze dayiki ya dothi ya mamita 3 kupita m'mwamba, pamwamba pake mamita 3 m'lifupi, mbali zonse ziwiri zotsika mita imodzi pa mamita awiri aliwonse, kutanthauza kuti pansi ndi mamita 15. Yakhala pa makande, ndipo pansi pa makandewo pali mchenga womwe mtsinje unasiya kalekale. Pakati padutsa kalavati ya konkire yokhala ndi chitseko chachitsulo.

Mutu woyamba ujambule dayikiyi mu Gmsh, ndipo mesh yomweyo ndi yomwe ena onse azitenga. Wotsatira uyese madzi odutsa m'dothi pogwiritsa ntchito lamulo la Darcy la mu 1856. Mutu umenewu muupatse masamba okwanira, chifukwa ndi momwe wophunzira amatsegukira maso. Nambala yosonyeza momwe madzi amadutsira mu mchenga imakhala cha m'ma 10^-4 m/s, pomwe ya dongo lothithikana imatsika mpaka 10^-9 m/s, kusiyana kwa maulendo 100,000. Akangoika mchenga uja pansi, aona pa sikirini madzi akusiya thupi la dayiki, akulowera pansi, n'kukatumphukira kuseri komwe kuli mudzi. Ndicho chifukwa chake dayiki imatha kugwa madzi asanafike n'komwe pamwamba pake: kuseri kumayamba kasupe wotulutsa mchenga, kasupeyo n'kumadya maziko pang'onopang'ono. Mutu wina uone zomwe zimachitika mtsinje ukaphwera msanga, dothi likadali lodzaza madzi pomwe madzi omwe ankalichirikiza achoka. Umenewu ndi wovutitsitsa pa yonse, upatseni katswiri wa dothi. Kenako kalavati, chitseko, ndi kufutukuka kwa konkire padzuwa. Konkire imatalika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100,000 pa digiri iliyonse, kotero chigawo cha mamita 10 chikatentha ndi madigiri 30 chimawonjezera mamilimita 3. Wophunzira awerengere yekha papepala, kenako aone pa kompyuta zomwe mamilimita atatuwo amachita ngati womanga sanasiye mpata.

Pakhalenso mutu umodzi wolembedwa ndi munthu wa pa saiti, wonena zomwe kompyuta siiona. Makande a kumadera a Ngabu m'chilimwe amang'ambika ming'alu yolowa dzanja. Mvula yoyamba ikagwa madzi amathamangira m'ming'alumo, kenako dothi limafufuma n'kutseka. Kadothi komwe mwatumiza ku labu kadzakupatsani nambala ya dongo losang'ambika, ndipo pulogalamu idzaikhulupirira. Onjezani mauna a mbewa, chiswe, ndi njira yomwe ng'ombe zaponda pamwamba pa dayiki popita kokamwa mpaka pamenepo patsika. Mutu umenewu uikeni pakati pa buku, pafupi ndi wa Darcy. Mukauika kumapeto ngati chowonjezera sadzauwerenga.

Manambala onse a dayiki, miyeso yake, mitundu ya dothi, msinkhu wa madzi, akhale mu fayilo imodzi yomwe mkonzi yekha ndiye amaisintha. Pa nambala iliyonse lembani ngati inayezedwa kapena mwangoiyerekeza. Zoyezedwa za ntchito ya eni ake musazitenge popanda kalata yokulolani.

Mayesero adzabwera. Wina adzafuna mutu wa madzi amchere a m'mijigo ya kuchigwa kuno, wina wa mchenga wodzaza mu Shire, wina wa mlatho wa Chiromo. Zonse n'zabwino, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Zilembeni pa pepala la buku lachiwiri.

Akonzi, olemba ndi pepala losayinirana

Akonzi akhale awiri kapena atatu, koma mmodzi adziwike kuti mawu omaliza ndi ake. Wolemba aliyense muitaneni ndi kalata yonena mutu wake, kuchuluka kwa masamba ndi tsiku lobweza. Asanayambe, atumize tsamba limodzi loyankha mafunso atatu: mutu wanga ukuyankha funso lanji pa dayiki ija, ukudalira mitu iti yam'mbuyo, ndipo yankho lake ndidzalitsimikiza bwanji. Masamba amenewa muwayale patebulo limodzi. Mudzapeza anthu atatu akufuna kufotokoza chinthu chomwecho, pomwe china chofunika palibe wachitenga.

Chinthu chovuta kwa ife ndi ulemu. Mkonzi akhoza kukhala mnyamata, wochedwetsa mutu n'kukhala a Dokotala omwe anamuphunzitsa. Sangawaimbire foni n'kunena kuti bwana mwachedwa. N'chifukwa chake lamulo lilembedwe pachiyambi, aliyense asayine mitima ikadali pansi: mutu ukachedwa ndi mwezi, akonzi aupereka kwa wina kapena auchotsa. Tsiku likafika, mkonzi amangoti, "Pepani a Dokotala, pepala lija tinasayina tonse likundikakamiza," ndipo ubale sunawonongeke.

Pepala lomwelo linene kuti wophunzira yemwe anayendetsa zitsanzo ndi kukonza zithunzi dzina lake lilembedwa pa mutuwo ngati wolemba nawo. Linenenso za ndalama mosabisa. Ngati palibe alawansi, nenani pa kalata yoyamba. Ena adzachoka pomwepo, ndipo kuli bwino achoke asanagwire mutu.

Mangani version

Mapulogalamuwa amasintha msanga kuposa momwe buku limalembedwera. A FEniCS anatulutsa buku lawo lalikulu la olemba ambiri ku Springer mu 2012, akonzi ake Anders Logg, Kent-Andre Mardal ndi Garth Wells. Patapita zaka, mtima wa pulogalamuyo, DOLFIN, unalembedwanso mwatsopano n'kukhala DOLFINx. Yakale inasiya kutuluka mu 2019, ndipo zitsanzo zolembedwera yakaleyo sizimayenda pa yatsopano popanda kuzikonza. Masamu a m'bukumo akadali oona, koma wongokopera mizere ya pulogalamu lero akumana ndi zolakwika zokhazokha.

Ndiye chitani zinthu ziwiri. Choyamba, pa msonkhano woyamba gwirizanani version ya pulogalamu iliyonse, mpaka ya Python yomwe, ndipo isasinthe kufikira buku litatuluka, ngakhale yatsopano itabwera ndi zokoma. Mmodzi akonze kompyuta yoyerekezera, kaya ndi Docker kaya virtual machine, yokhala ndi zonse mkati. Aikopere kamodzi komwe intaneti ili bwino, n'kuigawa pa fulashi. Wolemba wa ku Makhanga asathere bandulo yake pokopera magigabaiti. Kumbukirani kuti FEniCS kwawo ndi pa Linux. Pa Windows kawirikawiri imayendera mu WSL, yomwe ndi njira yoyendetsera Linux mkati mwa Windows, kapena mu Docker, ndipo malangizo oiikira ayesedwe pa laputopu ya Windows, chifukwa ndi yomwe ophunzira ambiri ali nayo.

Chachiwiri, m'mutu uliwonse lekanitsani zokhalitsa ndi zokalamba msanga. Funso, equation ndi kumasulira kwa zotsatira zikhale m'ndime zawo. Mizere ya pulogalamu ikhale m'mafayilo apadera omwe buku limangowakoka posindikiza. Mukadzafuna kukonzanso bukulo, mudzasintha mafayilo osakhudza nkhani.

Mayunitsi ndi zizindikiro

CalculiX siidziwa mayunitsi. Imalandira nambala iliyonse yomwe mwaipatsa. Mukagwiritsa ntchito mamilimita ndi manyutoni, kulemera kwa chitsulo kumalembedwa 7.85 × 10^-9, m'matani pa milimita ya kyubiki. Mukagwiritsa ntchito mamita kumalembedwa 7,850, m'makilogalamu pa mita ya kyubiki. Wowerenga akatenga nambala ya mutu 4 n'kuika m'chitsanzo cha mutu 7, pulogalamu siidandaula, imangomupatsa chithunzi chokongola chabodza. Sankhani dongosolo limodzi la buku lonse.

Palinso mkangano womwe umabisala. Akatswiri a dothi amalemba mphamvu yopanikiza ngati nambala ya pulasi, pomwe a zitsulo amapereka pulasi ku mphamvu yokoka. Pa dayiki yokhala ndi kalavati magulu awiriwa amakumana pa tsamba limodzi. Gamulani pachiyambi, mulembe pa tsamba la zizindikiro, pamodzi ndi chilembo cha chinthu chilichonse. Chilembo u chikhale cha chinthu chimodzi basi, chifukwa kwa wa zitsulo chimaimira kusuntha pomwe kwa wa dothi chimaimira mphamvu ya madzi a m'dothi.

Akonzi alembe mutu wachitsanzo ena asanayambe

Malamulo a papepala anthu amawamva mosiyana, koma mutu wotha aliyense amautsanzira. Tengani chinthu chosavuta chomwe yankho lake limadziwika. Chitsulo cha mita imodzi, mamilimita 50 mbali zonse, chomangidwa kumutu kumodzi, kumutu kwinako mwapachikako manyutoni 1,000. E ya chitsulo, nambala yosonyeza kuuma kwake, tiike 200,000 MPa. Fomula ya PL³/3EI, yomwe aliyense anaiphunzira chaka chachiwiri, imanena kuti nsonga ya chitsulocho itsika ndi mamilimita 3.2.

Tsopano yendetsani pa kompyuta. Ndi mesh yokhakhala ya tizidutswa ta tetrahedron ta mfundo zinayi, yankho lidzachepera pa 3.2, chifukwa tizidutswa totere timauma kuposa chitsulo chenicheni. Chepetsani tizidutswa, kapena sinthirani ku ta mfundo khumi, muone yankho likuyandikira 3.2 n'kukhazikika. Kenako yang'anani stress, mphamvu yokoka kapena yopanikiza mkati mwa chitsulo, pa ngodya pomwe chitsulo chamangidwa. Papepala ndi 48 MPa, koma pa sikirini kadontho kofiira ka pangodyapo kazingokwera nthawi iliyonse mukachepetsa mesh, osakhazikika. Wophunzira wosauzidwa adzathamangira kukulitsa chitsulo chifukwa cha kadontho komwe kabadwa ndi mmene tamangira chitsanzo. Mutu wachitsanzo uonetse zonsezi, ndipo kuchokera pamenepo lamulo la mitu yonse ladziwika: yankho lililonse liyesedwe pa mesh zosachepera zitatu, ndipo lifanizidwe ndi china chochokera kunja kwa pulogalamu, kaya ndi kuwerengera papepala kaya ndi muyeso wa pa saiti. Pa mutu wa Darcy, wolemba ajambule ndi pensulo flow net, chithunzi cha mizere yosonyeza njira za madzi m'dothi.

Posungira ntchito

Lembani mu LaTeX, pulogalamu yolembera mabuku a masamu, sungani mu Git, yomwe imasunga mbiri ya zosintha zonse za mafayilo. Ubwino wa Git kwa ife ndi wakuti imagwira ntchito popanda intaneti: mumalemba sabata yonse kumudzi, n'kudzatumiza zosintha zokha netiweki ikapezeka. Gulu la WhatsApp likhale lokumbutsirana masiku basi. Mafayilo akayamba kuyendera kumeneko, pakatha miyezi iwiri palibe adzadziwe lomwe lili lomaliza. Mmodzi alembe kapulogalamu kamodzi koyendetsa zitsanzo zonse ndi kujambulanso zithunzi zonse, kaziyendetsedwa mwezi uliwonse.

Zithunzi ziyesedwe pa fotokope. Bukuli ambiri adzaliwerenga lojambulitsa, ndipo mitundu ya utawaleza yomwe mapulogalamuwa amakonda ikadutsa pa makina akuda ndi oyera, kofiira ndi kobiriwira ngati thambo konse kumada mofanana, pomwe kumodzi kukutanthauza ngozi, kwinako mtendere. Gwiritsani ntchito mizere yokhala ndi manambala.

Kalendala

Dzipatseni chaka ndi theka. Kuyeza ndi kutenga dothi kuchitike m'chilimwe, ming'alu ya makande ikuoneka. Kuyambira Disembala mpaka Malichi musaike tsiku lililonse lofunika: misewu ya ku East Bank imavuta, ndipo olemba anu a pa saiti ndi omwe amaitanidwa usiku madzi akakwera. Nyengo ya mayeso kuyunivesite nayo muidumphe. Kukumana maso ndi maso kukhale kawiri, koyamba kogawana mitu, kachiwiri kowerengerana, ndipo Juni kapena Julaye ndi yabwino chifukwa kuchigwa kumakhala kutazizirirako. Msonkhano woyamba uyambire pa dayiki yeniyeni. Wa masamu wa ku Zomba ayende pamwamba pake, aone pomwe ng'ombe zimawolokera, asanapite kukalemba.

Kuwunikana

Mutu uliwonse udutse m'manja mwa anthu atatu. Woyamba ndi wolemba mnzake wa mutu woyandikana nawo, woona ngati mitu iwiriyo ikugwirizana pa manambala ndi zizindikiro. Wachiwiri ndi injiniya wa pa saiti, yemwe funso lake ndi limodzi: kodi zotsatirazi n'zotheka pa nthaka? Wachitatu, wofunika kuposa onse, ndi wophunzira ngati uja tinamufotokoza poyamba. Mpatseni fulashi, mutu wosindikizidwa ndi laputopu yomwe sinaikidwepo kalikonse. Asaimbire wolemba foni. Paliponse pomwe waima, alembe nambala ya tsamba ndi uthenga womwe kompyuta yamupatsa. Wolemba amaiwala masitepe omwe zala zake zinazolowera, monga kusintha dzina la fayilo kapena kulowa mu foda ina, ndipo katswiri mnzake amawadumpha chimodzimodzi osazindikira.

Ndemanga zilembedwe ndipo zidzere kwa mkonzi. Wophunzira sangauze a pulofesa pamaso kuti chitsanzo chawo sichikuyenda, koma pa pepala lopanda dzina amalemba zonse.

Wolemba akanyinyirika kuti kuwunikaku kwanyanya, mukumbutseni za Sleipner A. Pa 23 Ogasiti 1991, maziko a konkire a nsanja yokumbira gasi panyanja anamira pafupi ndi Stavanger ku Norway, akuyesedwa asanayambe ntchito. Ofufuza anapeza kuti kuwerengera kwa finite element kunachepetsa mphamvu yometa pa makoma ena ndi pafupifupi 47 peresenti chifukwa cha mesh yosakonzedwa bwino pamalowo, ndipo zitsulo za m'konkire sizinaikidwe mokwanira. Anali akatswiri, ndi pulogalamu yodziwika, ndi ndalama zambiri. Nkhani imeneyi ilowenso m'buku, pafupi ndi mutu wa kalavati.

Layisensi ndi kusindikiza

Za umwini zithe buku lisanapite kosindikiza. Ngati mukufuna kuti ophunzira azigawana momasuka, sankhani layisensi ya Creative Commons pa nkhani ndi layisensi yotseguka pa mizere ya pulogalamu, wolemba aliyense asayine. Mukapita kwa wosindikiza wamalonda, funsani pachiyambi ngati adzalole PDF yaulere. Ena amalola, ena ayi. Chithunzi kapena mapu a munthu wina amafuna chilolezo cholembedwa, ndipo pomwe mwakayikira za lamulo la umwini la mu 2016 funsani a COSOMA. Nambala ya ISBN imatengedwa ku National Archives ku Zomba, komwenso mumakasiya kope buku likatuluka.

PDF ichepetsedwe kuti izitheka kutumiza pa foni. Makope apepala akhale ochepa, a ku malaibulale a mayunivesite ndi ku maofesi a zomangamanga ndi a mthirira a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, lililonse ndi fulashi yake. Bukulo mwina lidzakhala m'Chingerezi monga momwe maphunzirowa amaperekedwera, koma mutu uja wa zomwe kompyuta siiona muutulutsenso pa tsamba limodzi m'Chichewa ndi m'Chisena, mupatse makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Iwo ndi omwe adzayambe kuona kasupe wa mchenga kuseri kwa dayiki, ndipo ayenera kudziwa kuti kasupe wotuluka madzi oyera ndi wotuluka madzi amatope sakutanthauza chinthu chimodzi.

Musanabalalike, sankhani munthu mmodzi wosunga tsamba la zolakwika, adilesi yake yotumizirako ilembedwe kuseri kwa chikuto. Kamodzi pachaka ayendetse kapulogalamu kaja ka zitsanzo zonse pa version yatsopano, alembe mitu yomwe yasiya kuyenda, atumizire eni ake.